Miyala ya pa puloti yanga, imene ndinatsala pang'ono kulipira kuti akaitaye

Tsiku limene anyamata aganyu ankakumba dzenje la septiki pa puloti yathu kuno ku Njewa, piki inayamba kulira ngwe! ngwe! asanafike ndi mita imodzi yomwe, ndipo pofika madzulo kuseri kwa nyumba kunali mulu wa miyala wondilekeza m'chiuno. Wamkulu wa anyamatawo anabwera n'kunena kuti mayi apa ndiye tiwonjezerane kangachepe, pansi panupa ndi pamwala. Tinawonjezera. Kenako nkhani ina, miyalayi ipita kuti? Ina inalowa m'sokawe, ina amisiri anaiponya m'maziko a mpanda, koma mulu sunathe ayi, unangokhala pomwepo miyezi ndi miyezi mpaka kumera chisoso ndi bonongwe, nkhuku za aneba n'kumadzaikiramo mazira. Ndinafika popangana ndi bambo ena a ngolo kuti adzaituta maulendo anayi akaitaye ku chigwembe, mtengo tinagwirizana, zinangotsala kuti mwezi uthe ndilandire.

Chimene chinandibweza ndi ukwati wa mnzanga wa kuntchito. Madyerero anali pa malo ena ochitira maphwando ku Area 43, mwezi wa Okutobala, dzuwa lija la ku Lilongwe loti kapinga yense amapsa kukhala ngati wathiridwa madzi otentha. Koma pakona pena pafupi ndi geti panali kachulu ka miyala kokwera pang'ono, m'mipata ya miyalayo muli alovera ndi timaluwa tina tonenepa masamba, zonse zobiriwira bwinobwino ndipo paipi sindinaione pafupi. Ndinasiya anzanga akuvina perekani-perekani n'kupita kukafunsa amene amasamala maluwa pamalopo, ndinati achimwene apa mumathirira kangati? Anati mayi kamodzi pa sabata, mwinanso sabata imadutsa osathirira, izi sizifuna madzi ambiri. Anati azungu amati rockery, ndipo miyalayo abwana awo anachita kugula tipa yathunthu. Kugula! Ine mtima unangoti phwii kuganiza za mulu wanga uja, komanso bilu ya madzi imene ndimalipira chifukwa chothirira kapinga yemwe amapsabe. Mawa lake ndinawaimbira bambo a ngolo aja kuwapepesa kuti asabwerenso.

Koyamba ndinachita mothamanga. Ndinaunjika dothi lofiira lomwe lija linatuluka m'dzenje, katondo weniweni, kutsogolo kwa nyumba, n'kuzunguliza miyala m'mbali mwake mwa mzere, ina n'kuisanja pamwamba, pakati n'kubzala alovera amene ndinapempha kwa achemwali anga ku Kawale. Amayi atabwera kudzationa kuchokera ku Mitundu anaima pageti nthawi yaitali osalankhula, kenako anati mwana wanga, ichi chikuoneka ngati mtumbira, chotsa, pakhomo sipakhala chinthu chotere. Zinandipweteka koma nditabwerera m'mbuyo n'kuyang'ananso ndinaona kuti akunena zoona, chinali chachitali, chozungulizidwa miyala ndendende ngati kumanda. Ndisanachigumule n'komwe mvula ya Disembala inagwira ntchitoyo, dothi linakokoloka kupita pakhonde, miyala ya pamwamba inagubuduka poti inangokhazikidwa, ndipo alovera anayamba kuwola kuyambira kumizu chifukwa katondo akanyowa amagwira madzi ngati phala.

Ndiye ndinamuuza mwana wa achemwali anga, mnyamata amene anaphunzira za miyala ndi nthaka ku Chanco ku Zomba. Ndinkayembekeza kuti andiuza za maluwa, koma iye funso lake loyamba linali loti anti, miyala yanuyo ndi yamtundu wanji? Ndinati mwala ndi mwala basi. Anati ayi anti, itsukeni kaye, muijambule, munditumizire pa WhatsApp, chifukwa ina imafumbutuka mvula ziwiri zokha, ina imakhala zaka mazanamazana, ina imamwa madzi ina simwa, simungaiike malo amodzi musanaidziwe. Loweruka limenelo ine ndi ana anga awiri tinatenga ndowa, burashi yochapira ndi paipi, tinayamba kutsuka mwala umodziumodzi, ndipo ndikuuzeni, mulu umene miyezi yonseyi unkaoneka wofiira yekhayekha unasanduka mitundumitundu. Kuyambira tsiku limenelo sindikuyendanso ngati kale, maso amangokhala pansi.

Yosavuta kuizindikira inali nsangalabwi, iyi ndiye aliyense amene anakulira kumudzi amaidziwa, yoyera ngati mchere kapena ngati mafuta oundana, ina yofiirira pang'ono, ina yoti kuwala kumadutsa m'mphepete mwake. Ifeyo tinkasewera nazo phada tili ana, anyamata ankazifuna za legeni. Mnyamata uja anati dzina lake la kusukulu ndi quartz, ndipo anandiuza kuti nditenge botolo la galasi ndilikande ndi nsonga ya mwalawo. Linakandika mzere woonekeratu, wosafufutika ndi chala. Kenako anati tengani mpeni wa kukhitchini mukande mwalawo, mpeni unangoterereka, n'kusiya kamzere kotuwa komwe ndi chitsulo cha mpeniwo chimene chatsalira pamwala. Anandifotokozera kuti pali muyeso wa kulimba kwa miyala umene anaukonza Mjeremani wina dzina lake Friedrich Mohs mu 1812, umayambira pa 1 kufika pa 10, dayamondi ndiye ali pa 10, nsangalabwi ili pa 7, galasi ndi mpeni zili cha pa 5 ndi theka, chikhadabo cha munthu cha pa 2 ndi theka. Nde chinthu cholimba chimakanda chofewa, basi nzeru yake ndi yomweyo, ndipo zida zake zonse zili kale m'nyumba mwanu. Ma ruby ndi ma sapphire, miyala ya mtengo wapatali imene imapezeka pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, ali pa 9, ana anga atamva zimenezo anayamba kufufuza muluwo ndi mtima wonse.

Chifukwa chimene nsangalabwi zimachulukira m'minda yathu ndi kulimba komweko. Zimakhala ngati mitsempha yoyera mkati mwa thanthwe, ndiye thanthwelo likamawola pang'onopang'ono kusanduka dothi, nsangalabwi zimakana kuwola, zimatsala. N'chifukwa chake mukakumba dzenje mumapeza kamzere ka timiyala toyera pansi pa dothi lofiira, ine ndinakaona ndi maso anga m'khoma la dzenje la aneba athu amene akumanga pano. Usiku wina magetsi atazima tinayesa zimene tinkachita kumudzi, kugundanitsa nsangalabwi ziwiri mumdima, zimang'anima ndithu ndipo zimatulutsa kafungo kena ngati chinthu chopserera, wamng'ono wanga mpaka lero amaonetsa anzake.

Koma yambiri pa mulu wanga inali ya lubwe, ija yofiira moderako ngati dzimbiri, yamabowomabowo ngati chisa cha chiswe, ina yooneka ngati timiyala tozungulira tamatidwa pamodzi. Imeneyi ndi imene ndinkaida kwambiri chifukwa ndi imene inakweza mtengo wokumbira. Akatswiri amati laterite, dzinalo linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza njerwa, ndipo amene analipereka ndi Francis Buchanan mu 1807 ataona anthu kumwera kwa India akuusema mwalawu ngati njerwa n'kumamangira nyumba. Umapangika m'maiko otentha ngati kwathu kuno komwe kumakhala dzinja la mvula yambiri kenako chilimwe chouma gwa, madzi amatsuka zina zonse m'dothi kwa zaka zambirimbiri n'kusiya chitsulo ndi aluminiyamu, ndiye kufiirako ndi dzimbiri lenileni. Ukakhala pansi ponyowa umakhala wofewerako, ukatuluka kunja n'kuuma umalimba. Ndi womwe uja amathira m'misewu yafumbi. Kuti nditsimikize ndinachita zimene anandiuza, kuukhutiza kuseri kwa tailosi yosweka, kumbali kosasalala kuja, unasiya mzere wofiirira ngati dothi. Ndipo mwala umene ndinkauda uja ndi umene wakhala wabwino kuposa yonse pa ntchitoyi, chifukwa mabowo akewo amasunga kadothi ndi kachinyezi, mizu ya timaluwa imalowamo n'kugwira, komanso mtundu wake ndi wa nthaka ya pompano, suoneka wobwera.

Mtundu wachitatu ndi umene ndimaukonda kuuyang'ana. Miyala yotuwa, yolemera, yokhala ndi mizeremizere yoyera ndi yakuda ngati nsalu yopindapinda, ina mizereyo yokhotakhota. Iyi ndi gneiss, amatchula ngati nayisi, ndipo ndi thanthwe limene lagona pansi pa chigwa chonse cha Lilongwe, pansi pa katondo yense timalimamo chimanga ndi fodyayu. Mizereyo inabwera chifukwa mwalawo unaphikidwa ndi kupanikizidwa pansi penipeni pa dziko mpaka zoyera zinapita pazokha zakuda pazokha, ndipo zaka zake ndi zoposa 500 miliyoni. Ndimati ndikaugwira ndimakhala kaye chete. Munthu umadandaula za lendi, za fizi, za mafuta a galimoto, pamene kuseri kwa khitchini yako kuli chinthu chimene chinalipo nyanja ya Malawi isanakhaleko. Mu umodzi mwa miyalayi munali timadontho tofiira ngati nthanga zazing'ono, mnyamata uja anati ndi garnet, timapezeka kawirikawiri m'miyala yotereyi ndipo tating'ono chonchi tilibe msika, koma mwalawo ndinauika pamalo poti aliyense wolowa pageti auone.

Pomwepo panabukanso nkhani ya golide. Mwana wanga wamkulu anathamanga kuchokera kuseri akukuwa kuti amama tapeza golide, m'manja muli mwala wonyezimira tiziduswa tachikasu padzuwa. Ndinamva kutentha m'mimba, sindinama. Koma titakanda ndi nsonga ya singano tiziduswato tinkasendeka ngati mamba a nsomba, topyapyala, tophwanyika ndi chikhadabo. Imeneyo ndi mica, yakuda ija ikayamba kuwola imasanduka yachikasu n'kumanyenga anthu. Golide weniweni sasendeka, amapindika ngati mtovu ukamudinda, ndipo ndi wolemera modabwitsa, kuposa madzi maulendo 19. Palinso wina wonyenga kwambiri wotchedwa pyrite amene amapezeka ku phiri la Malingunde kufupi ndi damu la Kamuzu, iyeyo ukamukhutiza pa tailosi amasiya mzere wakuda pamene golide amasiya wachikasu. Ndikulemba izi chifukwa masiku ano nkhani ya migodi ili m'kamwa mwa aliyense kuno, rutile ku Kasiya, graphite ku Malingunde, ndiye anthu akangoona chonyezimira mtima umathamanga, ndipo alipo oyenda ndi timabotolo m'tauni kugulitsa anthu zinthu zoterezi. Ngati mwapeza chinthu chimene chikukusowetsani tulo, nthambi ya boma yoona za miyala likulu lake lili ku Zomba, kafunseni kumeneko musanapereke kapena kulandira ndalama kwa munthu. Kwa ife a maluwa phunziro la mica ndi lina, mwala umene uli ndi mica wambiri n'kumafumbutuka ukaupaka ndi chala ndi wowola kale, usauike pansi kuti unyamule inzake. Ine yotereyo ndinaiphwanya ndi hamala n'kuisakaniza m'dothi.

Mnyamata uja anandiuzanso za viniga, kuti ndidonthezere pamwala uliwonse woyera umene mpeni ukutha kuukanda, ukachita thovu ndiye kuti ndi mwala wa laimu, wonga umene amawotcha ku Balaka kupanga laimu kapena umene amapangira simenti ku Kasungu. Viniga ndi wofooka ndiye ndi bwino kukanda kaye kaufa n'kudonthezera pa ufawo, kenako kuika khutu pafupi. Pa mulu wonse umodzi wokha ndi umene unachita thovu, ndipo titauyang'anitsitsa sunali mwala n'komwe, chinali chibuma cha konkire chimene amisiri anasiya. Chinapita ku sokawe. Maginito tinachotsa mu sipika yakale ya wailesi, miyala yambiri sinamve kanthu, koma mchenga wakuda umene umatsalira m'ngalande mvula ikatha unamatirira bwinobwino ngati ndevu.

Nditaidziwa miyala yanga ndinadikira mvula ithe, ntchito ndinaiyambanso mu Meyi, dothi likadali lofewa koma kumwamba kutayera. Malo ndinasintha. Ndinachoka kutsogolo kwa khonde n'kupita pakona ya mpanda pomwe puloti imatsetsereka yokha, poti madzi sangaime, komanso pamawomba dzuwa kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko. Osaunjika dothi kukhudza khoma la nyumba chonde, chinyezi chimakwera m'khoma ndipo chiswe mwachipatsa msewu, ine ndinasiya mpata woti munthu n'kudutsa ndi wilibala ngakhale kumpanda komwe. Ndinayamba ndi kukumba kuchotsa kapinga ndi dawe yense ndi mizu yomwe, iyi ndi ntchito yotopetsa koma musaidumphe, dawe akamera pansi pa mwala wa makilo 50 simudzamuchotsanso. Pansi ndinayala zidutswa za njerwa ndi miyala yosaoneka bwino ija kuti madzi azitsika msanga. Dothi ndinasakaniza wilibala imodzi ya dothi lakuda la pamwamba, imodzi ya mchenga wa kumtsinje wokhakhala uja osati wa pulasitala, imodzi ya timiyala ta lubwe tosefa, n'kuwazamo manyowa owola bwino pang'ono chabe. Ukalifinya m'manja lili lonyowa lizimwazika ukatambasula dzanja, likagwirana ngati nsima ndiye kuti mchenga wachepa.

Kuika miyala ndi pamene pali luso lonse, ndipo pamenepa ndinaphunzira poyang'ana mapiri osati pafoni. Popita kwa amayi ku Mitundu ndinkayang'ana phiri la Bunda ndi timapiri tina ta m'njiramo, ndinaona kuti mwala wa m'chilengedwe sukhala pamwamba pa dothi ngati waikidwa, umachita kutuluka m'nthaka, mbali yaikulu ili pansi, ndipo imakhala m'magulumagulu, waukulu apa tiwiri tating'ono pambali, kenako mpata, palibe mzere wowongoka. Nde ndinayamba ndi waukulu kuposa yonse, gneiss wina amene tinachita kumugubuduza anthu atatu pogwiritsa ntchito chitsulo chokumbira ndi mapaipi awiri pansi, musayese kunyamula ndi msana zinthu zimenezi. Mwala uliwonse ndinaukumbira kadzenje n'kukwirira gawo limodzi mwa magawo atatu, ina mpaka theka, mbali yotakata pansi, n'kuupendeketsa pang'ono chakumbuyo kuti mvula ikagwa pamwalapo madzi azilowera m'dothi kumizu osati kutsetsereka kutsogolo n'kukokolola. Kenako kutsendera dothi kuseri kwake ndi mpini wa khasu mpaka nditaimapo osagwedezeka. Mipata yopanda dothi pansi pa miyala ndi imene imasanduka nyumba ya makoswe ndi njoka, ndiye tsenderani ndithu.

Apa ndi pamene kudziwa mitundu kunandithandiza. Ya gneiss yolimba ija inapita pansi kukhala msana wa chinthu chonse, ndipo ndinaonetsetsa kuti mizere yake yonse yaloza mbali imodzi, mukatero imaoneka ngati ndi thanthwe limodzi limene langosuzumira malo angapo, mukasokoneza mizere diso limadziwa kuti pali chalakwika ngakhale munthu sangathe kunena kuti n'chiyani. Ya lubwe inapita pakati ndi pamwamba pomwe ndimafuna kubzala, n'kuthira dothi m'mabowo mwake. Nsangalabwi poyamba ndinazimwaza paliponse koma zinkalasa m'maso, zoyera kwambiri, ndinazitolanso n'kuziyala m'kanjira kamodzi kokhotakhota kotsika pakati pa miyala ngati kamtsinje kouma, ndipo mvula ikagwa madzi amatsatadi momwemo. Anyamata amene ankandithandiza anafunsa kuti mayi tipake laimu kuti iwale? Ndinakana. Ndikudziwa kuti tinazolowera miyala yopaka laimu m'masukulu ndi m'maofesi alendo akamabwera, ili ndi malo ake, koma mwala woti mwautsuka n'kuona mizere yake ndi timaso take tofiira, kuupaka laimu ndi kuuphimba nkhope.

Zobzala sindinagule zambiri. Alovera amene anapulumuka ndinamudula zowola, n'kumusiya pamthunzi masiku angapo kuti bala liume ndisanabzale, zomera zonenepa masamba zonse zimafuna choncho, mukabzala bala lili laliwisi zimawola. Ndinawonjeza chija cha masamba ataliatali oima ngati malupanga amawangamawanga, timaluwa ta portulaca timene timatsegula dzuwa likakwera n'kutseka madzulo, ndi kalanchoe amene tsamba lake likagwa pansi limamera lokha. Zonsezi ndi zopemphana ndi anzanga a kutchalitchi, kupatula miphika iwiri imene ndinagula kwa ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu. Nkhadze ndinaikana ngakhale imapirira chilala, utomoni wake ndi woopsa m'maso ndipo pano pamasewera ana. Khonje nayenso ayi, amakula kwambiri ndipo minga yake ili pa msinkhu wa nkhope ya mwana. Nditabzala ndinayala timiyala ta lubwe pamwamba pa dothi lonse mpaka m'khosi mwa chomera chilichonse, zimathandiza kuti chinyezi chisathawe, udzu usamere msanga, komanso mvula isamathovutsire matope pamasamba. Mwezi woyamba ndinkathirira kawiri pa sabata ndi madzi otsukuluzira zovala opanda sopo wambiri, pano ndi kamodzi, mu Juni ndi Julayi kukazizira ndimatha masabata awiri.

Za zinkhanira ndi anankalizi ndisabise, pansi pa miyala ndi kwawo. Potembenuza mwala uliwonse valani magolovesi ndi nsapato zotseka, ndipo muziukokera kwa inu kuti chimene chili pansi chithawire kutsogolo osati kumapazi anu, izi anandiphunzitsa ndi amayi kalekale tikamatola nkhuni. Pa mulu uja tinapeza zinkhanira zingapo. Koma chimangireni kachuluka, alendo amene ndimawaona tsiku ndi tsiku ndi abuluzi ndi gulo mmodzi wa mutu wobiriwira amene amakwera pamwala waukulu uja m'mawa kuwothera dzuwa akugwedeza mutu, ndipo amenewa amadya tizilombo.

Mwina wina afunsa kuti nanga ife amene puloti yathu ilibe miyala? Yendani muone amene akukumba maziko kapena zimbudzi m'dera lanu, ambiri akusowa kotaya ngati mmene ndinalili ine, mungolipira ngolo. Kapena gulani kwa amayi ndi abambo amene amaswa miyala m'mbali mwa misewu, muwauze kuti mukufuna yosaswa, ndipo musawanenerere mpaka kuwapweteka, ntchito imene ija ndi yowawa, tsiku lonse padzuwa ndi hamala. Miyala ya kwale yophulitsa ndi yakuthwa m'mbali ndipo imatenga nthawi kuti ioneke yachilengedwe, ikakhala yokhayo ikwirireni kwambiri. Chimene ndikupempha ndi chakuti tisamakazule miyala m'mphepete mwa Lingadzi kapena Lilongwe, mitsinje imeneyi yavulala kale ndi okumba mchenga, ndipo tisamakatole m'mapiri otetezedwa ngati ku Dzalanyama komwe kumachokera madzi amene timamwa mumzinda muno. Ku Chongoni ku Dedza ndiye musayerekeze n'komwe, matanthwe a kumeneko ali ndi zojambula za makolo ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse mu 2006.

Mwala womaliza kuuika unali pansi penipeni pa mulu, wafulatifulati, waukulu ngati thireyi, anyamata okumba aja anautulutsa koyambirira pafupi ndi pamwamba. Titautembenuza n'kuutsuka tinaona kuti pakati pake ndi polowa, posalala ngati m'mbale, mosiyana ndi mbali zina zonse zokhakhala. Ndinajambula kuti nditumize ku WhatsApp kuja koma tsikulo amayi analipo, anabwera ku sikelo ya shuga, anangouona anati imeneyo ndi mphero. Anagwada pansi, munthu wodandaula mawondo, n'kuyendetsa chikhatho m'menemo kupita kutsogolo ndi kubwerera ngati akupera, anati agogo ako ankapera mawere ndi mapira pa yotereyi zigayo zisanafike, kuti ikumbike chonchi ndiye kuti inagwira ntchito zaka zambiri, pano panali pakhomo pa munthu. Anatituma kuti tifufuze mwana wa mphero, kamwala kozungulira koperera kaja, tinagwetsa mulu wonse wotsala osakapeza.

Ndinkafuna kuigoneka chagada pamwamba pa kachulu kuti mbalame zizimwerapo, koma ndinaganiza za udzudzu, madzi oima sabata imodzi kapena iwiri akwanira kuswa udzudzu ndipo malungo pakhomo pano tawadwala mokwanira. Ndiye ndinaiimika mopendekeka pafupi ndi mwala wa timaso tofiira uja, kolowako kukuyang'ana kugeti, madzi sakhalamo. Amayi akabwera amakoka mpando n'kukhala pomwepo, nkhani ya mtumbira sanaitchulenso. Aneba athu ayamba kukumba dzenje lawo sabata ino ndipo ndawapempha kale anyamata awo kuti akaona kamwala kozungulira kosalala mbali imodzi, kokwana m'dzanja, asakaponye m'sokawe, andiitane.